Mutu 5: Mawu a Kuseri kwa Khoma

1. Wailesi Yatha Mabatire

Pasukulu ponse panalibe amene sankawadziwa mapasa aja. Wamkazi ankamutchula Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa ankadzatseka atagona. Wamwamuna ankamutchula Chitoliro. Dzinali analipeza ali wamng'ono, pamene ankayimba sopulano pambali pa mlongo wake. Mawu awo ankafanana moti mmodzi akamayimba kubafa, ngakhale mayi awo ankachita kufunsa kuti, "Kodi muli ndani umo?"

Koma kukula sikupempha chilolezo. Chaka chathachi mawu a Chitoliro anasintha. Ankati akamayankha funso m'kalasi, mawu n'kuyamba pansi ngati a bambo, n'kukathera m'mwamba ngati a mwanapiye. Anzake ankafa nazo kuseka. Aphunzitsi a kwaya, amene ana ankawatchula a Dazi mwakabisira, anamuchotsa kutsogolo n'kumuika mzere wakumbuyo, kwa anyamata a besi. Kumeneko ankangong'ung'udza chamumtima, maso ali pansi.

Tsopano mpikisano wa makwaya unali pafupi, ndipo chaka chimenecho unkachitikira mumzinda umene bambo a mapasawo ankagwirako ntchito. Bambowo ankabwera kunyumba mwa apo ndi apo. Pafoni anali atalonjeza kale kuti, "Mwana wanga akadzayambitsa nyimbo, ine ndidzakhala pampando wakutsogolo, abwana afune asafune." Wailesi mawu amenewa anauza aliyense, mpaka wogulitsa makala.

Woyambitsa nyimbo ankasankhidwa Lachisanu. Lachinayi m'mawa Wailesi anadzuka ndi chimfine, mawu atasasa. Anati apereke moni kwa mayi ake, kunangotuluka mpweya wokhawokha.

"Wailesi yatha mabatire!" anakuwa Chitoliro uku akuvina. "Lero m'nyumba muno tipumako."

Anasiya kuvina ataona misozi. Mlongo wake anamukokera kuseri kwa nyumba, pamene amayanika zovala, n'kumunong'oneza m'khutu.

"Mawa ukandiyimbire."

"Iwe, chimfinechi chakulowa m'mutu?"

"Usandinamize. Ndinakumva kwa amalume Lamulungu lija. Mawu aja ukadali nawo."

Chitoliro anayang'ana uku ndi uku. Ichi chinali chinsinsi chake chachikulu, ndipo ankadziwa kuti anyamata a besi atamva, sakanamulola kupuma mpaka kumaliza sukulu.

"Sindikuba cha munthu," Wailesi anapitiriza movutikira. "Aliyense akudziwa kuti malowo ndi anga. Pofika mpikisano ndidzakhala nditachira. Chaka chino n'chomaliza, mlongo wanga. Ukufuna ababa akakhale kutsogolo kuja n'kumaonerera mwana wa eni?"

Chitoliro sanavomere, komanso sanakane. Anangoti aganiza kaye.

2. Mawu a Padenga

Ataweruka anapita kubabashopu ya amalume ake, kuseri kwa msika. Amalumewo kale ankayimba m'bandi, koma tsopano ankangometa anthu. Ndiwo anamutola Chitoliro mawu atamusokonekera, tsiku lina atamupeza akulira kuseri kwa galasi lalikulu.

"Mawu a mwamuna ali ngati nyumba," anamuuza tsiku limenelo. "Pansi ndi pamene timakhala masiku onse. Amenewo ndi mawu a m'chifuwa. Koma nyumba ili ndi denga, mphwanga, ndipo amuna ambiri amafa osakwerapo. Yasamula. Tsopano lira ngati kadzidzi, mopepuka. Gwira pachifuwa. Pakunjenjemera? Ayi. Ndiye kuti wakwera."

Kuyambira pamenepo, makasitomala akatha, awiriwo ankatseka chitseko n'kumaphunzira mawu a padenga. Anali mawu oonda, osalala, ofanana kwambiri ndi a Wailesi.

Tsiku la Lachinayili Chitoliro anatenga tsache n'kuyamba kusesa tsitsi popanda womutuma. Amalume anamuyang'ana pagalasi.

"Wasesa wekha lero? Mvula igwa. Nena chimene wadzera."

"Ndimangofuna kudziwa. Kodi munthu atamva mawu a padenga asakuona woyimbayo, angazindikire kuti ndi mnyamata?"

Amalume anazimitsa makina ometera. Anamaliza kasitomala wawo ndi lumo, n'kumupukuta m'khosi. Munthuyo atatuluka anakhala pampando wometerapo n'kuloza benchi.

"Khala pansi. Mayi ako andiuza kuti mlongo wako wadwala, ndipo kasankhidwe ka kusukulu kwanu ndimakamva kwa ana amene amadzameta kuno. Usandione kumeta mitu n'kumayesa kuti sindidziwa za m'kati mwake.

"Tamvera, mphwanga. Ndinakuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, padenga amayendapo modekha. Ukathamangapo malata amabooka. Ndaona anyamata akukakamiza mawu amenewa, mitsempha ili tototo m'khosi, pofuna kuposa anzawo. Lero ena sangathe ngakhale kuitana mwana ali kutsidya kwa msewu. Chachiwiri, mawu amenewa si a manyazi. Si mawu achikazi ayi. Ndi ako, a mwamuna, anatuluka m'khosi mwako momwemo. Amene akuseka, akuseka chifukwa iye sanakwerepo.

"Lero ndikuuza chachitatu. Nsapato amabwerekana, njinga amabwerekana, koma mawu sabwerekana. Ukamubwereka mlongo wako mawu, wamunyoza kawiri. Wamuuza kuti ake ndi osakwanira, ndiponso wamusenzetsa katundu woti azibisa masiku onse. Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuguluka. Ndiye usaiwale kuti pali mwana wina wa eni ake amene akukonzekera usiku ndi usana, naye ali ndi bambo ake. Ameneyo wakulakwira chiyani?"

"Koma Wailesi akulira, amalume."

"Alire. Misozi ya chimfine imauma. Ndikudziwa kuti ukumumvera chisoni, ndipo umachita bwino, ndi mlongo wako. Koma chisoni chinapha nkhwali. Pita ukamuuze akapemphe aphunzitsi kuti amudikire. Akakana, akana. Mawu ako ukadzafuna kuwatulutsa, udzawatulutse nkhope yako ikuoneka."

Chitoliro anati wamva. Anamvadi, ana inu, makutu analipo. Koma atafika kunyumba anapeza Wailesi atafunda bulangete, atagwira foni ya mayi awo, akumvetsera bambo awo akufunsa kuti, "Bwanji sukulankhula, mayi wanga? Ukusunga mawu a mawa eti?" Mtsikanayo anangoyang'ana mlongo wake, misozi ili mbwembwembwe. Malangizo onse a amalume anathera pomwepo.

3. Chipinda cha Madesiki Othyoka

A Dazi anali ndi kasankhidwe kawokawo. Ankati diso limakondera, koma khutu silidziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Pambali pa kalasi yoyimbiramo panali kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, ndipo khoma la pakati silinkafika kudenga. Atsikana ofuna kuyambitsa nyimbo ankatola tizitsekerero ta mabotolo tolembedwa manambala, n'kukadikira pakhonde. Nambala ikaitanidwa, mwini wake ankalowa m'kachipindako yekha n'kuyimba. Aphunzitsi ndi kwaya yonse ankamvetsera kuseri kwa khoma osaona munthu.

Chimene a Dazi sankadziwa n'chakuti windo lakumbuyo la kachipindako linalibe chotsekera. Chitoliro anauza mnzake wa besi kuti m'mimba mwamuvuta, n'kuzungulira kuseri. Analowera pawindo n'kubisala pansi pa mulu wa madesiki, fumbi lili m'mphuno, akudzitsina kuti asayetsemule.

Woyamba analowa n'kuyimba mothamanga ngati akuthawa galu. Wachiwiri anaiwala mawu pakati n'kutuluka akuseka. Wachitatu anali Namagalasi.

Namagalasi anali mtsikana wofatsa, woti ukhoza kukhala naye m'kalasi chaka chonse osadziwa mawu ake. Chitoliro ankamuonera pampata wa matabwa. Mtsikanayo anavula magalasi ake omangidwa ndi ulusi, n'kuwapukuta ndi siketi. Anatsinzina, milomo ikugwedera mwakachetechete. Kenako anayimba.

Abale, mwana uja anayimba! Sanakuwe, sanadzionetsere. Mawu ake anangoyenda bwinobwino mpaka pamwamba n'kutsika osapunthwa. Atamaliza anamwetulira yekhayekha, osadziwa kuti pali amene akumuona. Kumwetulira kumeneko kunamulasa Chitoliro mumtima.

"Nambala folo!" anaitana a Dazi.

Wailesi analowa n'kutseka chitseko. Anagwada pafupi ndi madesiki aja n'kugwira dzanja la mlongo wake. Dzanja lake linali lotentha ndi malungo a chimfine. Anangomufinya dzanja.

Chitoliro anatuluka pansi pa madesiki paja, n'kuimirira pafupi ndi khoma. Anayasamula pang'ono monga anaphunzirira, n'kukwera padenga. Mawu anatuluka oonda, oyera. Pofika pa mawu apamwamba kwambiri sanakankhe. Anawachepetsa mpaka kutsala ngati ulusi, n'kuwagwira pomwepo, kenako n'kuwatsitsa pang'onopang'ono, monga amalume ankachitira. Kuseri kwa khoma kunangoti zii.

Aka kanali koyamba kuti ayimbe chonchi anthu ambiri akumva, ndipo kunamukomera. Tisaname, kunamukomera kwambiri. Koma m'manja mutayamba kuwombedwa kuseri kuja, iye anali akutuluka pawindo ngati wakuba.

4. "Malo Ndi Ako"

Atsikana onse atamaliza, analowa m'kalasi n'kuimirira kutsogolo. Chitoliro anali atabwerera kale pamzere wake, akusasa fumbi pakabudula.

"Kunena zoona, nambala fili inandigwira mtima," anatero a Dazi. "Ndinali nditasankha kale. Koma nambala folo yandilanda cholembera m'manja. Mwini wake ndani?"

Wailesi anakweza kachitsekerero kake. Ana anawomba m'manja. Palibe anadabwa.

"Bwera kuno. Tiyimbirenso mzere womaliza uja, tikuone ndi maso."

Wailesi anatsegula pakamwa. Kunatuluka kamawu kosasa, kenako chifuwa. Anayesanso, osatheka. Analoza pakhosi pake, misozi n'kuyamba kutsika. Chitoliro anatuluka thukuta. Anadziwa kuti basi, agwidwa.

Koma a Dazi anagwedeza mutu mwachisoni. "Pepa, mwanawe. Unalowa muja ukudwala, n'kuthera mawu onse pa nyimbo imodzi? Kumeneko ndiye kudzipereka. Nonsenu mutengere chitsanzo pamenepa. Pita ukapume, uzimwa madzi ofunda, usalankhule mpaka Lolemba. Malo ndi ako."

Zinatheka! Bodza linadutsa lokha popanda wolikankha. Wailesi anayang'ana kumbuyo, nkhope ikuwala. Chitoliro akanangokhala chete, bambo awo akanadzakhala pampando wakutsogolo n'kuona mwana wawo akuyambitsa nyimbo.

Ndiye anaona Namagalasi. Mtsikanayo anali akuwomba m'manja pamodzi ndi anzake, kuwomba kwenikweni kochokera pansi pa mtima. Atamaliza anapita kwa Wailesi n'kumupatsa kampango kake kuti apukutire misozi. "Unayimba bwino, mnzanga," anatero motsitsa. "Ine sindikanafika pamenepo." Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale kuti sanade.

Chitoliro anaimirira.

"Sala."

"Chiyani kumbuyoko? M'mimba muja?"

Ana anaseka. Chitoliro anaona kuti kufotokoza kungatalike. Ndiye anangoyasamula pang'ono n'kuyimba mzere womaliza uja, pomwepo pamzere wa besi, nkhope yake ikuoneka. Anafika pamwamba paja, n'kuchepetsa mawu mpaka kutsala ngati ulusi.

Mnyamata wina wa besi anaphulika kuseka. "Ee, achemwali!" anakuwa. Ena awiri anamutsatira. A Dazi anangowayang'ana kamodzi, kuseka kuja n'kuzima.

"Nambala folo unali iwe?"

"Inde, Sala. Ndinalowera pawindo. Mlongo wanga mawu anamuthera dzulo."

A Dazi anakhala pansi n'kupukuta dazi lawo ndi dzanja.

"Ana inu mwandipweteka," anatero. "Ndinakubisani kuseri kwa khoma lija kuti mwana wosauka ndi mwana wa bwana ayimbe mofanana, kuti wamanyazi naye amveke. Inu mwatenga khoma lomwelo n'kubisalirako pobera mnzanu. Iwe mtsikana, ukanabwera m'mawa n'kundiuza kuti wadwala, ukuganiza kuti ndine chilombo? Ndikanasuntha tsiku. Mawu ako ndimawadziwa, sunafunike kubwereka a munthu. Tsopano taona, wataya chinthu chimene mwina ukanachipeza ndi pakhosi pako pomwe. Ndipo iwe mnyamata, waimirira mochedwa, koma waimirira. Chimenecho ndachiona. Sichikufufuta cholakwa chako, koma ndachiona. Inu a besi amene mumaseka, amene angafike pamene wafika mnzanuyu aimirire tione."

Palibe anaimirira.

"Woyambitsa nyimbo ndi nambala fili. Za ulendo wa mapasawa ndinena Lolemba. Balalikani."

Namagalasi sanasangalale monga munthu wopambana. Anangoima, akuyang'ana Wailesi, amene anali atagwirabe kampango kaja.

5. Uthenga wa a Dazi

Ana akutuluka, a Dazi anamukodola Chitoliro kuti atsale.

"Kuchepetsa mawu pamwamba kuja, sunaphunzire wekha. Ndinakaikira ndili kuseri kwa khoma, koma ndinati makutu akundinamiza. Moyo wanga wonse ndamvapo munthu mmodzi yekha akuchita zimenezo. Anakuphunzitsa ndani?"

"Amalume, Sala. Amameta kuseri kwa msika."

"Ali ndi chipsera pachibwano?"

"Inde, Sala."

A Dazi anayang'ana pawindo. Atatembenuka, maso awo anali ofiira.

"Ndiye amameta tsopano," anatero ngati akulankhula okha. "Ukawauze kuti mnzawo wa m'bandi, woyimba limba uja, akubwera mawa kudzametetsa."

Chitoliro anayang'ana mutu wa aphunzitsiwo. Panalibe ngakhale katsitsi kamodzi koti makina n'kugwira. Koma sanayerekeze kufunsa.

Wailesi anamupeza pageti. Anayenda limodzi njira yonse ya kumsika, mtsikanayo patsogolo, iye pambuyo. Masiku onse njira imeneyi inkafupika ndi nkhani za Wailesi. Lero inatalika.

"Pepa," anatero Chitoliro atafika pamphambano. "Sindikanatha. Unamuona mmene amawombera m'manja?"

Wailesi anaima. Anamukoka malaya kuti awerame, n'kuika pakamwa pakhutu pake monga anachitira dzulo lake.

"Ababa akaimba foni madzulo ano," ananong'ona, "ukawauze ndiwe. Mawu uli nawo ndiwe."

Anamusiya pomwepo n'kulowera njira ya kunyumba osacheuka. Chitoliro anamuyang'ana mpaka anakhota. Chibadwire anali asanasiyanepo atakwiyirana chonchi, ndipo zinamuwawa kuposa kuseka konse kwa anyamata a besi.

Kubabashopu anapeza amalume akumeta bambo wina wonenepa. Anawafotokozera zonse osabisa, kuyambira pawindo mpaka pamzere wa besi. Amalume ankamvetsera uku akumeta.

"Mawu a akulu amakoma akagonera," anatero pomaliza. "Mlongo wako akwiya, ndipo ali ndi chifukwa, poti unavomera kaye n'kudzamugwetsa pagulu. Ukanakana dzulo, bwenzi atalira kunyumba kokha. Umupirire. Ubale ndi fupa, suola. Foni ya bambo ako ukayankhe ndithu, usakathawe."

"Palinso uthenga, amalume. Aphunzitsi a kwaya akuti ndikuuzeni kuti woyimba limba uja akubwera mawa kudzametetsa."

Makina ometera anazima. Amalume anaima chilili, dzanja lili m'malere, mutu wa kasitomala utametedwa mbali imodzi.

"Wati ndani?"

"Woyimba limba."

"Akulu, bwanji kodi?" anadandaula bambo wonenepa uja. "Ndipite kunyumba chonchi?"

Amalume sanamumve. Anagwira chipsera cha pachibwano chawo, n'kukhala pansi pabenchi ya makasitomala.

"Mphwanga," anatero ndi mawu amene Chitoliro anali asanawamvepo, "tseka chitseko."